Mafunso a Owerenga: Catrin Finch ndi Zeze wa Nsambo 47

Mwezi uno makalata ambiri agwera mbali imodzi. Pali kavidiyo kamene kakuyenda m'mafoni kuno ku Harare, ka mayi wachizungu akuyimba zeze wamtali ngati chitseko, pambali pake bambo wa ku West Africa atagwira chipanda cha nsambo. Tasankha makalata asanu ndi atatu, ndipo oyankha ndi aphunzitsi a nyimbo amene amathandiza tsamba lino. Chida chimenechi Angerezi amati harp, a ku Wales amati telyn. Ife tizichitcha zeze, monga Baibulo limatchulira chija Davide ankayimbira Sauli.

"A Mkonzi, mdzukulu wanga anandionetsa mayi woyimba zeze wamkulu uja, akuti ndi wa ku Wales. Kodi Wales ndi tauni ya ku England? Nanga mayiyu ndani, ndipo anayamba bwanji?" Agogo aamuna, Mufakose

Agogo, mukadzakumana ndi munthu wa ku Wales musadzamufunse choncho, angakusiyeni panjira. Wales ndi dziko lomwe lili mkati mwa United Kingdom, kumadzulo kwa England, ndipo likulu lake ndi Cardiff. Ndi laling'ono ndithu: Nyanja ya Malawi ndi yaikulu kuposa dziko lonselo, ndipo anthu ake angopitirira pang'ono 3 miliyoni. Ali ndi chiyankhulo chawochawo, Chiwelshi, chosiyana kotheratu ndi Chingerezi. Anachisunga movutikira, monga mmene inu mukuvutikira kusunga Chichewa pakamwa pa adzukulu obadwira ku Mufakose.

Mayiyo ndi Catrin Finch. Anabadwa mu 1980 ku Llanon, mudzi wa m'mbali mwa nyanja m'chigawo cha Ceredigion. Bambo ake ndi Mngerezi, mayi ake Mjeremani, koma iye anakula akuyankhula Chiwelshi cha pamalopo. Ambiri a ife obadwa kwa makolo obwera tikuyidziwa nkhani yotere. Ali wamng'ono anaonerera Marisa Robles, katswiri wa zeze wa ku Spain, ndipo mtima unakanirira pomwepo. Anayamba kuphunzira ali ndi zaka 6. Pofika zaka 9 anali atakhoza Giredi 8, yomwe ndi giredi yomaliza ya mayeso a ana a zoyimbayimba. Anzake ambiri amafika pamenepo akumaliza sekondale. Ali ndi zaka 10 analowa mu National Youth Orchestra of Great Britain, gulu la achinyamata osankhidwa m'dziko lonselo.

Anthu akamva zimenezi amangoti ndi mphatso, basi. Mphatso inalipo, sitikana, koma panalinso mphunzitsi ndi mafuta a galimoto. Amene anamuumba ndi Elinor Bennett, mayi wodziwika kwambiri pa zeze ku Wales, yemwe ankakhala kumpoto kwa dzikolo, ndipo makolo ankayenda naye mwanayo ulendo wautaliwo kwa zaka zambiri. Kenaka anapita ku Purcell School, sukulu ya ana oyimba ya pafupi ndi London, n'kumalizira ku Royal Academy of Music komwe ankaphunzitsidwa ndi Skaila Kanga.

Zaka ziwiri zinamutsegulira njira. Mu 1999 anapambana mpikisano wa Lily Laskine ku France, ndipo mu 2000 anapambananso wa Young Concert Artists ku New York. Chaka chomwecho Kalonga Charles, amene lero ndi Mfumu Charles III, anamusankha kukhala woyimba zeze wa Kalonga wa Wales. Udindo wa woyimba zeze wa kunyumba yachifumu unali utagona kuyambira nthawi ya Mfumukazi Victoria, pamene unali m'manja mwa John Thomas, nayenso wa ku Wales. Finch anaugwira mpaka 2004.

Nyuzipepala zimakonda kuyambira pa udindo umenewu, koma kwa ife si pamene pali nkhani. Ena angapo anaugwira pambuyo pake, ndipo si onse amene mayina awo anafika ku Mufakose. Chimene chinamusiyanitsa ndi choti sanakhutire kukhala chokongoletsa cha pamaphwando. Anakayimba ndi Cimarrón, gulu la ku Colombia lomwe lili ndi zeze wa mtundu wakewake. Mu 2009 kampani ya Deutsche Grammophon inatulutsa chimbale chake cha Goldberg Variations ya Bach, wopeka nyimbo wakale wa ku Germany, nyimbo imene sinalembedwere zeze n'komwe. Ndipo kuyambira 2012 anayamba kuyimba ndi bambo mwawaona m'kavidiyoko, Seckou Keita wa ku Senegal. Mu 2018 anamupeza ndi khansa ya m'mawere, analandira chithandizo, n'kubwerera pa siteji.

"Ndaonerera kangapo ndipo ndaona kuti mapazi ake sakhazikika, amangoponda tizitsulo pansi ngati akuyendetsa galimoto. Zimagwira ntchito yanji? Ndipo n'chifukwa chiyani nsambo zina n'zofiira?" Mtsikana wa Fomu 3, Highfield

Mwana wathu, uli ndi diso. Ambiri amangoona manja, chonsecho theka la ntchito lili kumapazi.

Zeze wa makonsati ali ndi nsambo 47, ndi wamtali pafupifupi mamita 1.8 ndipo amalemera makilogalamu pafupifupi 40. Nsambozo zinandandalikidwa ngati makiyi oyera okhaokha a kiyibodi: do re mi fa so la ti, kenaka do wina, mpaka kumapeto. Makiyi akuda palibe. Poti nsambo zonse zimaoneka zofanana, opanga anaika zizindikiro: C aliyense ndi wofiira, F aliyense ndi wakuda kapena wabuluu. Popanda mitundu imeneyi woyimba angasochere ngati mlendo mu Mbare Musika.

Ndiye manotsi a makiyi akuda amachokera kuti? Ndipo pamene pabwera mapedulo. Alipo asanu ndi awiri, pedulo imodzi pa dzina lililonse la noti. Phazi lamanzere limayang'anira atatu, D, C ndi B. Lamanja anayi, E, F, G ndi A. Pedulo iliyonse ili ndi malo atatu. Ikakhala pamwamba nsambo imalira fulati (noti yotsika pang'ono), ikatsikira pakati imalira noti wamba, ikafika pansi imalira shapu (noti yokwera pang'ono). Ukaponda pedulo ya F, ma F onse a pa zeze amasintha nthawi imodzi, kuyambira wonenepa mpaka wowonda.

Mkati mwake zimayenda chonchi. Pedulo imakoka ndodo yachitsulo yodutsa mkati mwa mzati wakutsogolo uja. Ndodoyo imatembenuza timbale ting'onoting'ono tomwe tili kumtunda, pakhosi pa zeze. Kambale kalikonse kali ndi mano awiri. Kakatembenuka manowo amapana nsambo n'kuifupikitsa, ndipo mawu amakwera mtunda wa pakati pa mi ndi fa. Timbaleti tili mizere iwiri, n'chifukwa chake nsambo imodzi imatulutsa manotsi atatu. Luso limeneli analikonza ndi Sébastien Érard, yemwe analembetsa umwini wake mu 1810, ndipo mpaka lero silinasinthe kwenikweni.

Tsopano taona vuto lake. Phazi limodzi limasuntha pedulo imodzi pa nthawi, ndiye kuti ziwiri zokha pakamodzi, ina kumanzere ina kumanja. Nyimbo ikafuna kuti E ndi G zisinthe pamodzi, zonse zili kuphazi lamanja, ndipo woyimba ayenera kusuntha imodzi nthawi isanakwane, pamene nsambo imeneyo sikulira. Akachedwa, kapena akasuntha nsambo ikadanjenjemera, pamamveka kaphokoso konyansa ngati mavu alowa m'botolo. Akaiwala pedulo imodzi, noti imeneyo imalakwika paliponse mpaka atakumbukira. Nthawi zina amazemba pobwereka nsambo yoyandikana: m'malo mwa G shapu amaliza A fulati, poti mawu ake ndi amodzi. Zonsezi amalemberatu ndi pensulo pa pepala la nyimbo asanayambe kuyeserera.

Apa ndiye umvetse chifukwa chake chimbale cha Bach chija chinachititsa chidwi. Bach anatulutsa nyimboyo mu 1741, ndipo anailembera harpsichord, chida chakale chonga piyano cha mizere iwiri ya makiyi, ndi zala khumi. Woyimba zeze amagwiritsa zala zisanu ndi zitatu zokha, poti kachala kakumapeto n'kakafupi, sikafika. Nyimboyo ili ndi mutu umodzi ndi magawo 30, ndipo gawo la 25 ladzaza ndi mashapu ndi mafulati otsatizana, moti mapazi amavina pamene manja akuyenda pang'onopang'ono ngati palibe chikuchitika. Chinanso, nsambo ya zeze ukailiza siyileka yokha. Uyenera kuigwira ndi chikhatho kapena chala kuti ikhale chete, apo ayi manotsi akale amasakanikira ndi atsopano n'kukhala phala. Finch anakonza yekha nyimboyo kuti ikwane pa zeze.

"Ana athu a kwaya chaka chilichonse amapita ku Eisteddfod. Mnzanga akuti mawuwa ndi a ku Wales. N'zoona?" Mphunzitsi wa pulayimale, Kuwadzana

N'zoona, aphunzitsi. Ndi mawu a Chiwelshi ochokera ku mneni wotanthauza kukhala pansi, ndiye kuti bwalo lomwe anthu akhala kuti amve oyimba ndi alakatuli akupikisana. Potchula, zilembo dd zimamveka ngati th wa m'mawu a Chingerezi oti this, ndipo f amamveka ngati v. Woyamba wodziwika m'mbiri anachitika mu 1176 ku Cardigan, woyitanitsa anali Lord Rhys. Lero wamkulu wa dziko lonse amachitika sabata yoyamba ya Ogasiti, m'Chiwelshi chokhachokha, ndipo palinso wa achinyamata wokonzedwa ndi bungwe la Urdd.

Wa kuno amakonza ndi a National Institute of Allied Arts, bungwe lomwe lakhalapo zaka zoposa 100, ndipo gawo la kuyimba limachitika teremu yoyamba. Musamaone ngati chinthu cha sukulu za anthu olemera. Mwana wa ku Wales amazolowera kuyima pamaso pa anthu ndi woweruza ali wamng'ono, ndipo n'chifukwa china chimene kadziko kakang'onoko kamatulutsira oyimba ngati Bryn Terfel ndi Finch. Chofunika kwambiri pa tsikulo si satifiketi, ndi pepala la ndemanga la woweruza. Muziliwerenga pamodzi ndi ana Lolemba lake, mzere ndi mzere.

"Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 7 ndipo chionereni kavidiyoko sakugona, akufuna zeze. Ndine wa Chigwirizano, ndimagulitsa pamsika. Ndiyambire pati, ndipo zimadya ndalama zingati?" Mayi, Dzivarasekwa

Mayi, tikuuzani mosabisa: musagule zeze panopa. Wa mapedulo watsopano kawirikawiri amapitirira madola 20,000 a ku America, osawerengera zonyamulira ndi msonkho wa pachipata. Wamng'ono wa nsambo 34, wopanda mapedulo, amayambira cha m'ma 2,000 kupita m'tsogolo. Ndipo chida popanda mphunzitsi chimasanduka poyanika zovala. Aphunzitsi a zeze ndi osowa m'chigawo chino cha Africa, pamene a piyano alipo ambiri.

Choncho yambani ndi piyano kapena kiyibodi. Si njira yokhota ayi. Nyimbo za zeze zimalembedwa pa mizere iwiri ya stafu (mizere yolembapo manotsi) chimodzimodzi ndi za piyano, dzanja lamanja pamwamba, lamanzere pansi, ndiye chilichonse chimene mwana aphunzire pa kiyibodi adzachitenga. Kiyibodi ya makiyi 61 ikwanira zaka ziwiri zoyamba, bola ikhale yoti ukadina mwamphamvu imalira mokweza, ukadina pang'ono imalira motsitsa. Yogwiritsanso mabatire ndi yabwino, poti magetsi mukuwadziwa. Kafunseni za maphunziro ku Zimbabwe College of Music mtauni, kapena kwa woyimba limba wa kutchalitchi kwanu amene amawerenga stafu, osati wongoyimba za m'mutu.

Wa zaka 7 aziyeserera mphindi 15 mpaka 20 tsiku lililonse, nthawi yomweyomweyo. Maola awiri Loweruka lokha sapindula kanthu, zala zimaiwala pakati pa sabata. Inu simukuyenera kudziwa manotsi. Khalani naye pafupi mukusankha nyemba, muzimva ngati akubwereza malo ovuta kapena akungothamangira pomwe amadziwa kale. Ana onse amachita zimenezo, ndipo ndi pamene chaka chimatayikira.

Mayeso amene Finch anakhoza ali ndi zaka 9 ndi a magiredi 1 mpaka 8. M'mayeso a ABRSM, bungwe la ku Britain loyesa oyimba, a pamaso pa woyesa, mamalikisi onse ndi 150: nyimbo zitatu, iliyonse 30; masikelo 21; kuyimba pepala lomwe sanalionepo 21; ndi mayeso a khutu 18. Kukhoza ndi 100, kukhoza bwino 120, mwapamwamba 130. Asanalembe Giredi 6 ayenera kukhala atakhoza Giredi 5 ya malamulo a nyimbo, kapena mayeso ena ovomerezeka m'malo mwake. Palinso mtundu wina womwe mwana amajambulidwa pavidiyo akuyimba nyimbo zinayi motsatizana n'kutumiza pa intaneti. Kumene ana ambiri amagwera ndi pa pepala losaonapo lija, chifukwa amaloweza nyimbo zitatu chaka chonse osaphunzira kuwerenga. Ana athu okulira m'kwaya amakhala ndi khutu lakuthwa, ndiye amangomva kamodzi n'kutsanzira, mphunzitsi n'kumaganiza kuti akuwerenga. Muuzeni mphunzitsi kuti sabata iliyonse azimupatsa kanyimbo katsopano kosavuta, osayamba wamuyimbira.

Ndipo musamuyeze mwana wanu ndi msinkhu wa Finch. Giredi imodzi pa chaka ndi liwiro labwino.

"Woyimba wotere amadya chiyani? Alipo amamulipira pamwezi?" Mnyamata, Glen View

Achimwene, ambiri a iwo alibe malipiro a pamwezi. Gulu lalikulu la orchestra limalemba woyimba zeze mmodzi, mwina awiri, pamene oyimba vayolini limalemba makumi. Malo akatseguka amalimbirana anthu a mayiko ambiri. Woyimba payekha ngati Finch amasonkhanitsa: makonsati, kuphunzitsa, kupeka ndi kukonza nyimbo, kujambula. Zimbale masiku ano zimangoitanira anthu ku konsati. Osatchuka amadalira maukwati ndi mahotela, ndipo si zochititsa manyazi.

"Mpingo wathu unalandira mphatso ya zeze wamng'ono wa nsambo 34 kuchokera kwa abwenzi akunja. Wakhala mu vesitile chaka chathunthu. Nsambo zitatu zaduka zokha usiku, ndipo tikachuna m'mawa, madzulo wasokonekera. Kodi anatipatsa wakufa?" Mkulu wa mpingo, Mabvuku

Abambo, sanakupatseni wakufa. Akudwala nyengo ya Harare ndi kusiyidwa.

Nsambo za zeze ndi za mitundu itatu: zapansi zonenepa ndi za waya, zapakati nthawi zambiri ndi za matumbo a ng'ombe okonzedwa, zakumtunda ndi za nayiloni. Za matumbo zimamwa chinyezi n'kufufuma, kukauma zimakhwinyata. Thabwa la pamimba pa zeze, lomwe nsambo zonse zimakoka, ndi lopyapyala ndipo nalonso limapuma ndi nyengo. Zeze amafuna chinyezi cha pakati pa 40 ndi 60 peresenti. Kuno kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala mpweya umauma kutsika pamenepo, kenaka mvula ya Novembala imabwera mwadzidzidzi. Nsambo zimaduka pa kusinthaku, kawirikawiri usiku kukazizira. Ngati vesitile yanu ndi ya malata opanda siling'i, masana ndi uvuni, usiku ndi firiji.

Choyamba musamutseni. Akhale m'chipinda chamkati, kutali ndi zenera ndi dzuwa, atavundikiridwa ndi nsalu. M'chilimwe ikani beseni la madzi m'chipindamo, osati pafupi moti angatayikire pa thabwa. Kachipangizo koyezera chinyezi n'kotchipa, kagulireni. Popukuta gwiritsani nsalu youma yokha. Polishi wa pansi kapena mafuta ayi.

Zeze wanuyo alibe mapedulo, ali ndi tizitsulo totchedwa lever, kamodzi pamwamba pa nsambo iliyonse, tokweza ndi dzanja lamanzere. Musanachune tsitsani malever onse. Kuchuna lever ili yokwezedwa kumapala nsambo pamalo opanidwawo, ndipo mwina ndi chimene chadula zina mwa zanuzo. Ambiri amachuna zeze wotere mu E fulati: E, A ndi B akhale fulati, C, D, F ndi G akhale wamba. Pulogalamu yochunira ya pafoni muyiike pa 440, ndipo musadabwe ikalemba D shapu pamene mukufuna E fulati, ndi noti imodzi. Mukatero, kukweza ma A onse kumakupatsani B fulati, kuwonjeza ma E kumakupatsani F, kuwonjezanso ma B ndi C, kuwonjeza ma F ndi G, mpaka makiyi asanu ndi atatu. Nyimbo za m'buku zolembedwa mu A fulati sizitheka pokhapokha mutatsitsa ma D onse. Chapafupi n'kungoziyimba mu G, mpingo sudzadandaula.

Ngati anakhala nthawi yaitali osachunidwa, ndiye kuti watsika kwambiri. Musamukokere pamalo ake tsiku limodzi. Kwezani nsambo zonse pang'ono, osapitirira mtunda wa mi ndi fa, musiyeni agone, mawa mubwerezenso. Yambirani pa C wofiira wapakati kutsika, kenaka kukwera. Lizani nsambo musanatembenuze kasipanala, ndipo tsatirani ndi chala kuti muone kuti mwagwira msomali wa nsambo yomwe mukuliza. Cholakwa cha oyamba onse n'kupotokola msomali woyandikana, n'kumadabwa kuti mawu sakusintha, mpaka phwaa. Msomali ukamabwerera wokha, ukankhireni mkati uku mukutembenuza, dzanja lina litachirikiza khosi la zeze; misomali yambiri ndi yosongoka, imagwira ikalowa. Akakhazikika azichunidwa tsiku lililonse, ngakhale palibe woyimba.

Poyitanitsa nsambo tchulani wopanga zeze, mtundu wake, chilembo cha noti ndi nambala ya okitevu (gulu la manotsi kuchokera pa noti ina kufika pa ina ya dzina lomwelo). Amawerenga kuchokera kumtunda, ndipo C wapakati ali mu okitevu yachinayi. Poika, mangani mfundo kumapeto kwa nsambo, mulowetsemo kachidutswa ka nsambo yonenepa kotalika masentimita awiri kuti mfundo isapyole pabowo. Pisani dzanja m'mabowo a kumsana kwa zeze, tulutsirani nsambo pabowo lake la pamimba, ikwere kudutsa pa lever yotsitsidwa ndi pa kamsomali kotsamira, ilowe pabowo la msomali wochunira. Izungulire kawiri kapena katatu, mizere yogundizana kulowera kuthabwa, osakwerana. Yatsopano imatamuka kwa sabata imodzi kapena ziwiri, choncho kutsika kwake si matenda. Chimene tikukuletsani n'kuika nsambo ya gitala kapena waya wa buleki ya njinga. Pa bangwe zimatheka. Pa zeze nsambo yolimba kuposa muyezo imatukumula thabwa la pamimba mpaka kung'aluka, ndipo kukonza kwake kungafune ndalama zoposa mtengo wa chidacho.

Mukamapita naye kumsonkhano wa chigawo, agone chammbali pa matiresi, mbali ya malever ili kumwamba. Pamwamba pa kombi ayi, ndipo asatsale m'galimoto yotseka padzuwa: guluu amasungunuka pamene nsambo zikukokabe. Amene adzamuphunzire awenge zikhadabo, atsamiritse zeze paphewa lamanja, chala chachikulu chiloze kumwamba, ndipo akaliza nsambo zala zizipindikira m'chikhatho. Matuza adzatuluka masabata oyamba. Asawaboole, angopumira tsiku limodzi kapena awiri, khungu lidzalimba.

"Ku Wales kulinso zeze wa makolo awo, kapena ndi yemweyu?" Wowerenga, Tafara

Alipo, amatchedwa telyn deires. Ali ndi mizere itatu ya nsambo ndipo alibe mapedulo: mizere iwiri yakunja ndi yofanana, wapakati ndi wa mashapu ndi mafulati, woyimba amapisa chala pakati kuti awapeze. Anachokera ku Italy m'zaka za m'ma 1600, koma a ku Wales ndi amene anamusunga ena atamutaya, ndipo mwa mwambo wawo amamutsamiritsa paphewa lamanzere.

"Ine ndimaliza mbira, bambo anga ankaliza bangwe kwawo ku Dedza. Zinatheka bwanji kuti zeze wa Azungu agwirizane ndi chida cha ku Senegal? Nanga ndi mbira zingatheke?" Woyimba mbira, Mbare

Achimwene, chiyambi chake chinali ngozi. Mu Malichi 2012 Finch amayenera kuyenda m'makonsati ku Wales ndi Toumani Diabaté wa ku Mali, katswiri wa kora amene anamwalira mu 2024. Masiku okonzekera atakwana, asilikali analanda boma ku Mali ndipo Diabaté anachedwa kufika. Okonza anaitana Seckou Keita kuti ayeserere naye m'malo mwake. Diabaté anafika n'kuyimba makonsatiwo, koma ubale umene unakhalitsa ndi wa wogwirizira uja. Anatulutsa Clychau Dibon mu 2013, SOAR mu 2018 ndi Echo mu 2022, ndipo mu 2019 analandira mphoto ya BBC Radio 2 Folk Awards. Chimbale chachiwiricho chinatsamira pa mbalame yodya nsomba yofanana ndi nkhwazi, imene imaswana ku Wales n'kumakathera nyengo yozizira ku West Africa.

Kora nayo ndi zeze. Ndi chipanda chachikulu chodulidwa pakati, chokutidwa ndi chikopa cha ng'ombe, chokhala ndi mtengo wautali ndi nsambo 21 za nayiloni wowedzera nsomba. Kwawo kwa Keita, ku Casamance kumwera kwa Senegal, amawonjeza ya 22. Imalizidwa ndi zala zinayi zokha, zazikulu ziwiri ndi zamkombaphala ziwiri. Ili ndi manotsi asanu ndi awiri pa okitevu ngati mzere wa nsambo za zeze, choncho Finch amangoika mapedulo mogwirizana ndi kachunidwe ka kora. Zida ziwirizi zimalira mofanana moti pena sudziwa kuti noti yachokera kwa yani.

Chovuta sichinali zida, chinali mitu. Keita anaphunzira kwa abale a mayi ake, banja la Cissokho, mwa khutu, monga mmene bambo anu anaphunzirira bangwe. Finch anakulira pa pepala, pomwe noti iliyonse inalembedwa ndi munthu wina. Anayenera kuika pepala pambali, kugwira kachidutswa kobwerezabwereza osatopa nako, ndi kudziwa nthawi yosiyira mnzake mpata. Oyimba ambiri a Giredi 8 amalephera pomwepa. Zala zili nazo liwiro, koma ukawachotsera pepala amangoti kakasi.

Ndi mbira zingatheke, ndipo ngati abale a ku Mabvuku aja angakulandireni, yesani chonchi. Mbira dzavadzimu ili ndi makiyi 22 mpaka 28, nayonso manotsi asanu ndi awiri pa okitevu. Koma chuning chake, kaya Nyamaropa kaya Gandanga, sichitsata piyano, ndipo mbira ya mmisiri wina imasiyana ndi ya mnzake. Choncho zeze ndiye atsate mbira, poti nsambo imasinthika ndi kasipanala pamene kiyi ya mbira imafuna nyundo. Lizani makiyi asanu ndi awiri a okitevu imodzi, kamodzikamodzi, mbira ili kunja kwa deze, chipanda chokuzira mawu ake, ndipo zitsekerero za mabotolo mutazigwira kuti zisanjenjemere, apo ayi foni imasokonezeka. Lembani pamene iliyonse yagwera. Chunani okitevu yapakati ya zeze motsatira zimenezo, malever ali pansi, kenaka ena onse ndi khutu. Noti ikagwera pakati, tsitsani nsambo, musakweze kupitirira muyezo wake. Mukatero malever asakhudzidwenso mpaka nyimbo itatha.

Pa kayimbidwe, nyimbo zambiri za mbira zimazungulira pa kugunda 48, magawo anayi a 12. Woyimba zeze wophunzira kusukulu adzakufunsani kuti wani, kugunda koyamba, ali pati, ndipo mukamuuza adzamumva pena. Musakangane, mupatseni hosho, maseche a mbira, agwire kaye mpaka thupi lilowe. Akabwerera pa zeze ayambe ndi dzanja lamanzere lokha, manotsi apansi, inu mukuchita kushaura, mbali yotsogolera. Zikagwirana, dzanja lamanja lilowe m'mipata ngati kutsinhira, mbali yoyankha, kugunda kumodzi m'mbuyo mwanu. Chimene chimaononga kawirikawiri n'kulira kwa nsambo za waya: mbira imaleka msanga, zeze amapitiriza, ndiye gawo lachiwiri limayamba loyamba likadamveka. Chikhatho chamanzere chizigwira nsambo zapansi posintha gawo lililonse. Hosho ikalowa zeze samvekanso, choncho ikani maikolofoni pafupi ndi bowo la kumsana, osati kutsogolo kwa nsambo.

Ngati zonsezi zikuchuluka pa tsiku loyamba, bwerekani nyunga nyunga ya makiyi 15, ija inafalikira m'masukulu kuchokera ku Kwanongoma College ku Bulawayo. Zambiri zimachunidwa mu F. Pa zeze wochunidwa mu E fulati mungokweza malever a E ndi a A, ndipo nsambo za B muzingozidumpha, poti mbira imeneyo ilibe fa.